Ngongole ya asisitere ndi abulazala ku Ireland

Mayi wina wa kwathu amene amasamalira okalamba ku Dublin wandilembera kalata. Gogo yemwe amamuyang'anira anakulira m'manja mwa asisitere, ndipo mpaka pano akangomva makiyi akulira pakhomo thupi lonse limanjenjemera. Mayiyo akundifunsa ngati iye, Mkatolika, apitirize kuponya chopereka Lamulungu pamene zipani zina za asisitere zikukana kulipira anthu amene zinawazunza.

Achemwali, mwandikhudza pachilonda.

Ine ndinaphunzira sukulu yogonera konko ya mishoni. Bambo atamwalira, sisitere wina wachikulire ndiye ankandilipirira fizi mwakachetechete, ngakhale sopo ankandipatsa atamukulunga m'nyuzipepala kuti anzanga asaone. Sindidzamuiwala. Koma pasukulu yomweyo panali kamtsikana kamene kankakodza pogona. M'mawa ankakasenzetsa matilesi onyowawo pamutu, kazungulire nawo bwalo ife tili pamzere. Tinkaseka, poopa kuti ukapanda kuseka akuona. Kamtsikanako kanasiya sukulu teremu isanathe. Zonse ziwirizi ndinaziona ndi maso angawa, ndiye munthu akamandiuza kuti tisamanene zoipazo poti zabwino zinalipo, mtima umandiwira. Sopo wanga uja sangachape manyazi a mwana uja.

Za ku Ireland zinaposa pamenepo. Lipoti la Ryan la 2009, la komiti ya boma yofufuza nkhanza kwa ana, linaulula kumenyedwa, njala ndi kugwiriridwa kwa ana m'malo osungira ana ngati Artane ndi Letterfrack, a abulazala a Christian Brothers, komanso nkhanza za ku Goldenbridge kwa Sisters of Mercy. Koma za ndalama zolipira ozunzidwawo anali atagwirizana kale. Mu 2002 zipani 18 zinapangana ndi boma kuti zipereke mayuro 128 miliyoni, gawo lalikulu lili nyumba ndi malo, boma n'kusenza milandu yotsalayo. Zonse pamodzi zinadzafika pafupifupi mayuro 1.5 biliyoni. Analipira kwambiri ndi anthu okhoma msonkho, ena mwa iwo omwe anazunzidwawo. Lipoti la Ryan litatuluka zipanizo zinalonjeza kuwonjezera, koma kulonjeza kunathamanga kuposa kupereka.

Amayi a m'nyumba zochapira za Magdalene, amene ankachapa zovala osalandira kanthu mpaka nyumba yomaliza itatsekedwa mu 1996, boma linawapepesa mu 2013. Zipani zinayi zomwe zinkayendetsa nyumbazo zinakana kusonkha ku thumba la chipukuta misozi. Kukana!

Kwathu ng'ombe zako zikadya chimanga cha mnzako, sungapite kubwalo la amfumu ndi mawu okha oti pepani. Umapita ndi mbuzi. Ukati ng'ombezo anakusiyira ndi malemu agogo ako, amfumu amakufunsa amene akumwa mkaka wake lero. Asisitere a masiku ano ndi okalamba, ambiri sanamenyepo mwana, ndikuvomera. Koma malo ndi nyumba za chipani anazilandira, ndiye alandirenso ngongole yake. Agulitse. Kalekale ndinkati mwina akambirane mofatsa, panopa ndikuti boma likhazikitse lamulo lowakakamiza, chifukwa ozunzidwawo akutha kumwalira uku makomiti akumwa tiyi.

Za ku Tuam

Catherine Corless, mayi wofufuza mbiri ya dera lakwawo, ndiye anapeza mayina a ana 796 omwe anafera ku Tuam, m'nyumba ya asisitere a Bon Secours yosungira amayi osakwatiwa ndi ana awo, pakati pa 1925 ndi 1961 popanda kalembera wa manda awo. Komiti yofufuza inanena mu 2021 kuti ana pafupifupi 9,000 anafera m'nyumba 18 zoterezi. Boma litapempha zipani kuti zisonkheko ku chipukuta misozi, lipoti la 2025 la Sheila Nunan, amene boma linamutuma kukambirana nazo, linasonyeza kuti a Bon Secours anavomera mayuro pafupifupi 13 miliyoni, zambiri mwa zotsalazo sizinapereke kanthu. Ndiye kuti zimatheka munthu akafuna.

Tsono za chopereka chanucho. Ndalama za m'mbale zimapita ku parishi ndi ku dayosizi, zipani zili ndi chuma chawochawo, choncho kusiya kwanu sikuwapweteka iwo. Perekani ngati mtima walola, koma funsani bambo mfumu poyera. Gogowo, uzani abale awo akafunse ku Citizens Information, ofesi yolangiza anthu za thandizo la boma, za thumba la boma lomwe lingawakhudze, ndipo makiyi anu muziika m'chikwama musanalowe m'chipinda chawo.