Lupanga limene ndikulakalaka amisiri atalisula

Achimwene, mwafunsa kuti ndi lupanga liti lakale limene tingakonde kuti amisiri asule lofanana nalo. Ine mtima wanga uli pa shotel ya ku Ethiopia. Malupanga a ku Japan otchedwa katana adzaza kale pamsika, koma shotel yosulidwa bwino kuipeza ndi ntchito.

Lupangali ndi lopindika kwambiri ngati chisenga, lakuthwa mbali zonse ziwiri. Kupindikako kunali ndi cholinga: msilikali ankalizungulitsa m'mbali mwa chishango cha mdani n'kumubaya ndi nsonga. Apa ndi pamene pamavuta amisiri, chifukwa kulemera kwake kukangolakwika pang'ono, limakoka dzanja ndipo silisewereka.

Lachiwiri ndi kaskara ya ku Sudan, yowongoka, imene ankhondo otsatira Mahdi, mtsogoleri wachisilamu wa kumeneko, ananyamula pa nkhondo ya ku Omdurman m'dzikolo mu 1898. Zitsulo zambiri za malupanga amenewa zinkachokera ku Solingen ku Germany, kenako amisiri a ku Sudan ankaikapo chogwirira chawo. Wosula asaiwale chimake chachikopa chotambalala kumapeto, chonde, poti popanda chimenecho ine sindingagule.