Chithunzi chati fupa lili bwino, nanga dzanjali likupwetekeranji?

Adokotala,

Ndine mlovi (msodzi) wa zaka 27, ndimakhala ku Makawa. Masabata atatu apitawo ndinagwa pa njinga yamoto ya kabaza tikuchokera ku Boma. Tayala linalowa mumchenga ndipo ine ndinafikira dzanja lamanja. Kuchipatala anandijambula n'kunena kuti fupa silinathyoke, ndangobinya, ndiye anandipatsa panado ndi bandeji. Kutupa kunatha, koma mpaka lero sindingathe kukoka chingwe cha chilimira. Ngakhale kufinya malaya pochapa ndimamva ngati andibaya patsinde pa chala chachikulu. Amalume akuti ndipite akanditeme mphini. Mwini bwato akuti mdima ukayamba ine osabwera, aikapo wina. Nditani?

Mlovi wodandaula, Makawa

Achimwene,

Musanapitirize kuwerenga, tambasulani dzanjalo n'kutukula chala chachikulu. Patsinde pake, chakumbuyo, pakuoneka kadzenje pakati pa mitsempha, paja agogo ena amathirapo fodya wofwenkha. Dinani pamenepo ndi chala cha dzanja linalo. Kenako gwirani chala chachikulucho n'kuchikankhira kumkono. Ngati mwadzidzimuka ndi ululu, bwererani kuchipatala sabata ino, osadikira yamawa.

Pamene dzanja limalumikizana ndi mkono pali timafupa 8 tosanjikizana m'mizere iwiri. Kamene kali pansi pa kadzenje kaja dzina lake ndi scaphoid, mawu ochokera ku Chigiriki onena za bwato, poti kamaoneka ngati kabwato. Inu mungakamvetse bwino kuposa ine. Mwa timafupa tonseti, kameneka ndi kamene kamathyoka kawirikawiri, makamaka kwa anyamata a msinkhu wanu amene agwa n'kufikira chikhatho. Amayi achikulire akagwa kagwedwe komweko, kawirikawiri chimathyoka ndi fupa lalikulu la mkono pafupi ndi dzanja, ndipo limenelo nthawi zambiri silibisala: mkono umatha kupindika aliyense n'kuona.

Kabwatoka n'kachinyengo. Tsiku loyamba mng'alu wake umatha kukhala wopyapyala ngati tsitsi, osaoneka pa ekisileyi ngakhale wojambulayo akhale katswiri. Ndiye musawade amene anakuonani. Pakapita masiku 10 mpaka 14 m'mphepete mwa mng'alumo mumadyeka pang'ono, mng'alu n'kuyamba kuoneka. N'chifukwa chake ine pa ntchito yanga, munthu akamva kuwawa pakadzenje paja, ndinkamuika chikhakha ngakhale chithunzi chili choyera, n'kumuuza abwerenso pakatha masabata awiri tidzajambulenso. Ambiri ankanyinyirika. Wina anachidula yekha ndi mpeni wotumbulira nsomba atangofika kwawo, ndipo tinadzaonananso patapita zaka, akulephera kugwira nkhafi.

Chimene chimatichititsa mantha ndi magazi. Mafupa ambiri amalandira magazi kuchokera mbali zingapo, koma kameneka magazi ake ochuluka amalowera kumapeto kwake koyang'ana ku zala n'kumayenda chobwerera kumkono. Kakathyoka pakati, chidutswa chakumtunda chimatsala ngati munda umene ngalande yake yadukira panjira. Chimachedwa kulumikizana, nthawi zina osalumikizana n'komwe, mwinanso kufa. Ululu umatha kuzizira kwa miyezi, munthu n'kumati wachira, koma m'kati timafupa tikukhulana molakwika. Kenako nyamakazi ya pamfundo imabwera munthu akadali ndi mphamvu zake, ndipo imeneyo sitiibweza.

Mukafika, nenani kuti mukufuna kuonana ndi a mafupa. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma orthopaedic clinical officer, ndipo ndi amene amasamala za mafupa m'zipatala za m'maboma. Auzeni tsiku limene munagwa, alozereni ndi chala pamene pakuwawa, ndipo tengani chithunzi choyamba chija ngati anakupatsani. Fupalo likakhala kuti lathyoka koma silinasunthe, ndi chikhakha cha masabata 6 mpaka 12. Likakhala kuti lasuntha, angakutumizeni ku chipatala chachikulu monga Zomba Central kapena Queens ku Blantyre, kumene madokotala a opaleshoni angaone ngati pakufunika kulumikiza ndi kachitsulo. Zingathekenso kuti mwangovulaza mitsempha yomanga timafupato, koma zimenezo aweruze ndi amene agwire dzanjalo, osati ine pa pepala.

Za mphini, amalume akukufunirani zabwino, koma lumo limathera pakhungu, pamene vuto lili m'fupa. Komanso zilonda zatsopano zimavutitsa poika chikhakha. Ngati mumasuta, ino ndi nthawi yosiya: fodya amachedwetsa fupa kulumikizana, ndipo pa kafupa kosowa kale magazi aka ndiye kuipiratu.

Nkhani ya mwini bwato ndi imene ndilibe nayo mankhwala. Ndikudziwa kuti miyezi iwiri kapena itatu osalowa m'madzi ndi njala pakhomo. Pitani nacho chithunzi chachiwiricho mukamuonetse, mupemphe ntchito ya kumtunda, kaya kuyang'anira usipa pathandala kaya kuwerengera zigoba pogulitsa. Chikhakha chisanyowe. Ndipo zala zikatupa, zikachita dzanzi, zikasintha mtundu, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, thamangirani kuchipatala ngakhale usiku, chifukwa ndiye kuti chathina.

Adokotala,

Mwana wanga wa zaka 6 anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono pamwamba pa chigongono. Chikhakha anachotsa sabata yatha, koma mkono sukuwongoka wonse. Apongozi akuti tizimunyamulitsa ndowa ya madzi kuti uwongoke. Kodi n'zoona?

Mayi wa ana atatu, Namwera

Mayi,

Ndowayo ikhale kaye. Nyengo ya mango ikafika, kuthyoka kumeneku ndi kumene kumadzaza mabenchi athu, ndipo pafupifupi mwana aliyense amatuluka m'chikhakha chigongono chili chouma. Chimamasuka chokha pang'onopang'ono, pa masabata angapo, ena mpaka miyezi. Kukoka mwamphamvu kapena kumulemetsa kumapweteka mfundoyo, imatupa, n'kuumiratu kuposa kale. Musiyeni azidya yekha ndi dzanja limenelo, azisamba, azivala malaya, azisewera ndi anzake pansi. Kumtengo ndi kumpira wolimbana adikire kaye kufikira a mafupa atavomereza.

Chimene muyang'anitsitse ndi zala. Muuzeni apange kabowo pokhudzitsa nsonga ya chala chachikulu ndi ya chala cholozera, atukule dzanja m'mwamba, atambasule zala zonse. Akalephera chimodzi mwa izi, kapena akamati zala zili ndi dzanzi, kapena mukaona kuti mkono akautambasula ukukhotera m'kati kusiyana ndi unzake, musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku. Apongoziwo pitani nawo limodzi, akamve okha.