Yankho kwa achemwali a ku Bua ofuna kuphunzitsira ana pakhomo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mumakhala kumunda cha ku Bua, sukulu ili kutali, ndipo dzinja madzi akasefukira njira imaduka. Muli ndi ana awiri, wazaka 6 ndi wazaka 4, ndipo mukufunsa kuti musankhe chiti pakati pa Cambridge, ACE, Montessori ndi mabuku a boma, komanso ngati n'kwabwino kuyamba kuwalankhula Chingerezi chokhachokha. Ine ndinaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 konkuno kunyanja kwa nthawi yaitali, ndiye ndikuyankhani molingana ndi zimene ndinaziona pa ana enieni.

Musanatulutse ndalama iliyonse, khalani pansi ndi bambo a anawo mugwirizane kuti ana amenewa adzalowa sukulu yanji akadzakula. Pamalo ngati panupo, mwana akafika zaka 9 kapena 10 miyendo imakhala italimba, njinga akupalasa, ndipo makolo ambiri amamutumiza kusukulu. Ngati adzalowe ya boma kapena ya mishoni, ndiye kuti kutsogolo kwake kuli mayeso a MANEB a Sitandade 8, omwe ndi amene amasankhira ana opita ku sekondale. Zikatero maziko anu akhale silabasi ndi mabuku amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kuti tsiku lomwe adzakhale pa desiki asadzapezeke mlendo pa zimene anzake akuphunzira.

Musabisale ndi anawa. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kulandira maphunziro a pulayimale, choncho pitani kwa ahedi a sukulu imene muli nayo pafupi, kenako kwa a PEA, omwe ndi alangizi a sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya dera lanu, mukawafotokozere za mtunda ndi za madzi. Apempheni akuonetseni silabasi ndi buku la mphunzitsi la Sitandade 1, ndipo muwafunse ngati mwana angamabwere kudzalemba nawo mayeso a kumapeto kwa teremu. Mabuku amene boma limagawa m'sukulu si ogulitsa, ndiye wina akabwera nawo mozemba musagule, chifukwa buku limenelo walanda ana angapo m'kalasi. Pemphani mwaulemu kuti muliwerenge, mukopere m'kope mwanu mitu ya teremu yonse.

Za Cambridge ndingonena mwachidule. Ndi maphunziro abwino, koma amatsogolera ku mayeso a IGCSE omwe ana amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16, ndipo mabuku ndi mayeso ake mtengo wake umayendera ndalama yakunja. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati muli ndi mphamvu yolipira mpaka mapeto, ndipo sukulu imene adzalowe ndi ya Cambridge, yendani nayo. Koma kuyamba kenako n'kusiyira panjira kumasokoneza mwana, ndipo mwana wazaka 6 palibe chimene akutaya pochedwa kuyamba Cambridge.

ACE imachokera ku America, ndi ya Chikhristu, ndipo imayendera timabuku totchedwa PACE timene mwana amadzaza yekha, akatha kena n'kutenga kena. Makolo amaikonda chifukwa zonse zimabwera zokonzeratu. Ine nkhawa yanga ndi yakuti mwana wamng'ono safunika kukhala yekha ndi pepala nthawi yaitali, amafunika munthu womuyankha. Komanso mukatsegula mabuku a ku America mupezamo ndalama zawo, miyeso yawo ya mainchi ndi mapaundi, ndi nyengo zawo zinayi kuphatikizapo ya chipale chofewa. Mwana wa ku Bua amene amadziwa mwera, dzinja ndi kutentha kwa October akhala akuloweza zinthu zimene sanazikhudzepo. Apa ndiwonjezere mawu amodzi kwa anzathu achisilamu: onani kaye zimene zili m'kati musanagule, popeza chipembedzo chalukidwa m'phunziro lililonse.

Montessori ndiye ambiri amaisokoneza ndi katundu wodula wamatabwa amene mukumuona pa Facebook. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy, ndipo kalasi yake yoyamba anaitsegula mu 1907 ku Rome, m'dera la anthu osauka. Chimene iye ankaphunzitsa ndi chakuti mwana wamng'ono amaphunzira ndi manja, amakonda ntchito yeniyeni, ndipo akaigwira mwachidwi usamudule. Zimenezi mungazichite mawa lomwe osagula kanthu. Wazaka 4 uja mupatseni lichero asankhe mpunga, atole timiyala ndi mankhusu. Athire madzi kuchokera mu jagi kupita m'makapu osataya. Amange mabatani a malaya ake, asanje nthanga za maungu kwina, nyemba kwina. Zala zimene zikutola kamwala mu mpungazo ndi zomwezo zidzagwire pensulo, ndipo mwana wotere salimbana nayo pensuloyo ikadzafika. Aphunzitsi athu ku makoleji amaphunzira zofanana ndi zimenezi, amazitcha TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Choncho maganizo anga ndi akuti zophunzitsazo mutenge m'mabuku a boma, kaphunzitsidwe kake mubwereke kwa Montessori.

Tsopano nkhani ya Chingerezi, imene ine ndikufuna muimvetse kuposa zina zonse. Ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima. Mukufuna ana anu adzalankhule Chingerezi chabwino, ndipo simukulakwa, pakuti mayeso ndi ntchito zambiri zimafuna chimenecho. Koma muphunzitseni kuwerenga m'Chichewa poyamba. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera: a ndi a paliponse, o ndi o paliponse. Mwana akadziwa a, e, i, o, u, n'kudziwa liwu la m, nthawi yomweyo awerenga ma, me, mi, mo, mu. Muwonjezereni n, t ndi k, muona akuwerenga yekha mano, moto, mutu, meta, kama. Ndipo akawerenga moto amadziwa chimene wawerenga, amatembenuka kuyang'ana kukhitchini. Nkhope ya mwana pa tsiku limene wazindikira kuti zilembo zikunena chinthu chimene iye akuchidziwa, imeneyo musaiphonye. Mu Chingerezi chilembo chimodzi chomwecho chimamveka mosiyana mu cat, cake ndi car, ndiye mwana amene chilankhulocho sakuchimva amakhala ndi ntchito ziwiri pakamodzi, kutchula ndi kumvetsa. Ndinalandirapo ana ochokera m'sukulu zamkaka amene amaimba zilembo zonse bwinobwino, koma ukawalozera chilembo chimodzi pakati pa bolodi, zii.

Njira imeneyi ndi imenenso boma likutsata m'ndondomeko yake yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4: maliwu a malembo, maphatikizo, mawu, kenako kuwerenga mosadodoma ndi kumvetsa nkhani. Pophunzitsa tchulani liwu la chilembo osati dzina lake lokha. Nenani mmm milomo ili yotseka, chifukwa mukamuphunzitsa kuti "emu" adzavutika kuphatikiza ndi a. Muyambe inu akuona, mubwereze limodzi, kenako achite yekha. Alembe ndi chala pamchenga, aumbe chilembocho ndi dothi, achipeze pa thumba la sopo kapena la shuga. Musathamangire maphatikizo ovuta. Mb, nd, nkh, mph, dz, ndi ng' wa mu ng'ombe abwere pang'onopang'ono, ndipo mawu monga nkhwani kapena mphasa akamukanika musadabwe, ana ambiri amakakamira pamenepo kwa kanthawi. Chachikulu n'chakuti asamaloweze tsamba. Mukafuna kumuyesa, lembani mawu atsopano amene sanawaonepo kuchokera ku maphatikizo amene akuwadziwa.

Chingerezi chisaime ayi, koma chilowere kukhutu ndi pakamwa kaye. Tsiku lililonse patulani kanthawi kolankhula naye: mayina a ziwalo, ziwiya, ziweto, timalangizo monga kutseka chitseko kapena kubweretsa kapu, tinyimbo, ndi nkhani ya m'buku lazithunzi imene inu mukumuwerengera. Akayamba kuwerenga tinkhani ta Chichewa mosadodoma, kuwerenga Chingerezi kumabwera msanga, chifukwa luso lophatikiza maliwu walipeza kale. Koma kumuletsa Chichewa pakhomo, zimenezo ayi. Adzacheza bwanji ndi agogo ake? Ndiponso Chichewa chili pa mayeso a Sitandade 8.

Masamu a msinkhu umenewu ayambire m'manja. Tolani zitsekerero za mabotolo, timitengo, miyala. Timitengo khumi mumange ndi mphira kukhala mtolo umodzi, ndipo 23 akhale mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Mwana amene wamanga ndi kumasula mitolo yotere savutika mukadzafika pochotsera mobwereka, chifukwa amaona yekha kuti kubwerekako ndi kumasula mtolo. Bawo ndi masamu okhaokha. Pogula usipa kapena tomato awerenge milu, pophika awerenge mbale za anthu amene adye, ndipo masana muchite naye kagolosale kongoyerekeza, ndalama zake zikhale zamapepala zolembedwa K50, K100, K500.

Nthawi musaichulutse. Wazaka 6 akwanira ndi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri patsiku, ogawidwa m'timagawo ta mphindi 15 kapena 20, pakati pake adzuke athamange. M'kalasi ya ana ambiri nthawi yochuluka imathera poitana mayina, kukhazika ana pansi ndi kuchonga makope, pamene inu muli naye maso ndi maso. Kunyanja kuno yambani m'mawa dzuwa lisanakwere, makamaka October ndi November, mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ikafika 10 koloko mutu wa mwana watha. Wazaka 4 musamukhazike pa phunziro. Azikhala pafupi ndi lichero lake kapena makala ake ojambulira, atola zambiri pongomvera mkulu wakeyo.

Madzulo bwezerani nthano. Mukati padangokhala iwo n'kuvomera tili tonse, phunziro layamba kale ngakhale palibe kope. Mukatha, wamkuluyo akambenso nthanoyo m'mawu akeake, ndipo mumufunse kuti kalulu anachitiranji zimene anachitazo, nanga iye akanatani. Mwana wozolowera kufotokoza zimene wamva ndi amene amadzalemba chimangirizo chomveka ku Sitandade 5. Ndagi ndi zilapi nazonso muziponye.

Muli pamalo polemera ndi zophunzira, achemwali. Mtsinje wa Bua ndi umene mpasa zimakwera kukaswana, ndipo msodzi aliyense wamkulu angawafotokozere anawo nyengo yake. Nkhalango ya Nkhotakota ili pafupi nanu, kumene mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Tsiku lopita ku boma muwatengeko akaone mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860, ndipo mbiri ya malonda a akapolo muwauze pang'ono pamlingo wa msinkhu wawo. Mukadutsa ku Dwangwa aone mzimbe uli m'munda, kenako kunyumba muwaonetse shuga m'kapu. Pobwera ajambule chimene aona, wamkuluyo alembe mawu awiri kapena atatu pansi pake.

Chimene sukulu ili nacho chomwe inu nokha simungapereke ndi anzawo. Mwana amafunika kudikira nthawi yake, kugonja pa phada osalira, kukangana n'kugwirizananso. Ngati m'mudzi muli sukulu yamkombaphala, wamng'onoyo azipitako masiku ena. Sande sukulu kapena madrasa zithandizanso. Ndipo ngati pali mabanja ena amene ana awo akukhala pakhomo chifukwa cha mtunda womwewo, kumanani kamodzi kapena kawiri pa sabata muphunzitse mosinthana. Inunso mupumako, chifukwa munda, mphika ndi kuphunzitsa zikakhala pa munthu mmodzi, choyamba kufa chimakhala kuphunzitsako. Bambo awo atenge phunziro limodzi likhale lawo, kaya masamu kaya kuwerenga kwa madzulo.

Foni musaidalire kwambiri. Bandulo imatha, magetsi amazima, ndipo mwana akazolowera mavidiyo buku limamutopetsa. Ngati muigwiritsa ntchito, ikhale ya kanthawi kochepa inu muli pambali pake.

Pomaliza, gulani kope limodzi likhale lanu. Tsiku lililonse lembani deti, zimene mwaphunzitsa, ndi pamene mwana anavutika. Makope ake ndi zojambula zake muzisunge m'katoni pamalo poti chiswe sichifika. Tsiku lodzamulembetsa, ahedi adzafuna kudziwa kalasi yomuyika, ndipo zimenezi zidzakuthandizani kuti asamubwezere m'mbuyo. Ngati teremu yatha wamkuluyo akusokonezabe a, e, i, o, u ngakhale mukubwereza tsiku ndi tsiku, musamukalipire. Onani ngati akuyandikitsa buku kumaso kapena akutembenuza khutu mukamalankhula, mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu, ndipo mukawauzenso a PEA akulumikizeni ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera.