Geni yowoloka boda: msonkho wa pa kasitomu ndi wina, wa phindu ndi winanso

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri: mmene geni yokapikula katundu kunja imayendera kwa munthu woyamba kumene, komanso ngati n'zoona kuti ukalipira pa boda ndiye kuti za msonkho zatha, popeza mukumva kuti amalonda ena akukokana ndi bungwe lotolera misonkho la MRA mpaka kukhoti. Funso lachiwirili ndi lomwe likugwetsa anthu ambiri, ndiye ndikhalitsapo.

Za ulendo sizovuta. Opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam amatulukira pa Songwe, tsidya lake ndi Kasumulu. Opita ku Chipata ndi Lusaka amadzera ku Mchinji, komwe kuyambira Disembala 2022 maofesi a Malawi ndi Zambia amagwirira ntchito pamodzi, moti munthu umaima kamodzi kokha. Wa ku Johannesburg ndiye wautali: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, ndipo pobwera katundu amadutsa mayiko awiri asanafike kwathu. Musananyamuke mukhale ndi pasipoti, TPIN (nambala ya wolipira msonkho) ya m'dzina lanu yochokera ku MRA, ndipo mufunse ku Unduna wa Zamalonda ngati katundu mukufunayo akuloledwa kapena akufunika chiphaso. Mndandanda wa katundu woletsedwa umasintha. Mu Malichi 2025 boma linaletsa kulowetsa zinthu zingapo, Tanzania n'kubwezera mu Epulo potsekereza zokolola za ku Malawi, ndipo omwe anali atapikula kale zinawaonongekera pa boda.

Pa kasitomu amayamba ndi mtengo wa katundu. Amatenga ndalama yomwe mwagulira, n'kuphatikiza ya thiransipoti mpaka pa boda ndi ya inshuwalansi ngati ilipo, n'kuisandutsa makwacha pa mlingo wa boma wa nthawiyo. Pa ndalama imeneyo amawerengerapo dyuti. Ngati katunduyo ali ndi excise, msonkho wapadera wa pa zinthu zina, amaiwerengera pamwamba pa mtengo ndi dyuti, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Tiyerekeze katundu wa K1,000,000 wa dyuti ya 25 peresenti, womwe ndi mlingo wa zinthu zambiri zopangidwa kale, wopanda excise. Dyuti ndi K250,000. VAT, pa mlingo wa 16.5 peresenti womwe unagwira ntchito zaka zambiri m'mbuyomu, imawerengedwa pa K1,250,000 ndipo imakwana K206,250. Katundu uja wakufikirani pa K1,456,250 musanalipire ejenti wokiliyitsa katundu, onyamula ndi lendi. Milingoyi imatha kusintha pa bajeti iliyonse, ndipo kwacha ikagwa monga inachitira ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yemweyo amadula pa boda tsiku lotsatira.

Katundu wochepa wa m'manja amalembedwa pa Form 47. Wochuluka amafuna Form 12, yomwe ejenti wovomerezeka amalowetsa mu kompyuta ya kasitomu ya ASYCUDA. Pali njira ziwiri zochepetsera dyuti mwalamulo. Yoyamba ndi satifiketi ya SADC kapena COMESA yosonyeza komwe katundu anapangidwira. Apa ambiri amasokoneza: chomwe chimawerengedwa ndi komwe chinthu chinapangidwira, osati komwe mwachigula. Nsapato za ku China zogulidwa ku Kariakoo zikadali za ku China. Yachiwiri ndi ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa STR, yomwe Malawi imagwiritsa ntchito ndi Zambia ndi Zimbabwe. Pali malire a mtengo wa katundu wololedwa pa ulendo umodzi, ndipo katunduyo ayenera kukhala pa mndandanda womwe mayiko awiriwo anavomerezana. Simufunika ejenti, ndipo pa boda pamakhala desiki yothandiza kulemba mafomu. Koma STR imachotsa dyuti yokha. VAT ndi excise mumalipirabe.

Tsono zonsezi ndi msonkho wa katundu. Msonkho wa phindu ndi nkhani ina, pansi pa lamulo lina la Taxation Act, ndipo umayang'ana zomwe mwapeza pa chaka chonse mukachotsa zomwe mwawononga popanga geniyo. Ageni ang'onoang'ono amalipira presumptive tax, ndalama yoikika kutengera kukula kwa zogulitsa pa chaka. Geni ikakula mumayenera kupereka ritani, fomu yonena zomwe mwapeza pa chaka, pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku anu chitatha, komanso kulipirako pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse. Pali ndalama zinanso zomwe zimatsogola: Advance Income Tax yomwe amadula pa boda, yomwe inayamba pa 3 peresenti, ndi withholding tax yomwe kampani kapena ofesi ya boma imadula ikamakulipirani. Izi si ndalama zotayika. Zimachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka, koma pokhapokha ngati zinalembedwa pa TPIN yanu, muli ndi lisiti kapena satifiketi yake, ndipo mwapereka ritani. Osapereka ritani ndiye kuti mwazisiyira boma.

Chomwe muyenera kuchigwira bwino ndi ichi: ofesi yomwe imakiliya katundu pa Songwe ndi yomwe imafufuza msonkho wa phindu ku Msonkho House, likulu la MRA, ndi bungwe limodzi, ndipo TPIN ndi imodzi. Zomwe mwanena pa boda zimakutsatani.

Tibwerere ku katundu wa K1,000,000 uja. Pali okopa anzawo kuti alembetse invoyisi yabodza ya K400,000. Dyuti imatsika kufika pa K100,000, VAT K82,500, ndipo munthu amaona ngati wapulumutsa K273,750. Katunduyo amugulitsa K1,900,000, ndalama n'kulowa ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, komwe zimasiya mapazi. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu ofufuza afika. Mapepala akusonyeza kuti katundu anamufikira pa K582,500, choncho phindu likuoneka K1,317,500, pomwe phindu lenileni linali K717,500. Akulipitsidwa msonkho pa K600,000 yomwe inali mpamba wake, ndipo pa mlingo wa 30 peresenti womwe makampani amalipira imeneyo ndi K180,000, osawerengera chindapusa ndi chiwongoladzanja. Akati atulutse invoyisi yeniyeni kuti adziteteze, wavomera yekha kuti ananamiza a kasitomu, ndipo dyuti yotsala ija imubwerera ndi chilango chake. Apa palibe loya angamupulumutse bwinobwino, chifukwa mapepala ake omwe ndi amene akutsutsana.

Vuto lachiwiri ndi katundu wa gulu. Amayi khumi amasonkhanitsa mabelo mu lole imodzi, kapena kupatsa kondakitala wa basi kuti "akaonane nawo pa boda", zonse n'kukiliyidwa pa TPIN ya munthu mmodzi. Mwini TPIN amaoneka ngati walowetsa katundu wa mamiliyoni ambiri, ndipo MRA imamuwerengera phindu la katundu yemwe sanagulitsepo. Enawo ali ndi katundu wopanda pepala la dzina lawo: pa rodibuloko ya FAST, gulu la MRA lolimbana ndi ozembetsa katundu, alibe chosonyeza, ndipo pa ritani sangachotse ndalama yomwe anagulira. Kubweretsera pamodzi n'kwabwino chifukwa thiransipoti imatsika, koma aliyense akhale ndi invoyisi yake ndi lisiti ya MRA ya dzina lake. Musabwereke munthu TPIN, ngakhale mlamu wanu.

Lachitatu ndi ndalama zakunja. Madola akasowa ku banki anthu amagula kwa osintha a mumsewu pa mtengo wokwera kwambiri, popanda lisiti. Kuwonjezera pa kuphwanya malamulo a ndalama zakunja, ndalama yoonjezerayo simungaitsimikizire kuti inalowa mu geni, ndiye pa mabuku imasanduka phindu.

Tifike ku makhoti. MRA ikakuwerengerani msonkho womwe simukugwirizana nawo, imakupatsani kalata ya assessment. Muli ndi masiku 30 oti mulembere Commissioner General, mkulu wa MRA, kuti mukukana, ndipo kalatayo inene chomwe chalakwika mwatchutchutchu: chaka chakuti, ndalama yakuti, pa chifukwa chakuti, umboni wake nawu. Kungolemba kuti "ndalamayi yachuluka" sikukana. Kupita ku ofesi kukadandaula pakamwa sikuimitsa masikuwo. Kalatayo muisiye pa ofesi, akudindireni kope lanu ndi deti. Yankho likapanda kukukhutiritsani mumachita apilo. Kwa zaka zambiri apiloyo inkapita kwa Special Arbitrator, woweruza wapadera wa nkhani za msonkho. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza Tax Administration Act ndi Revenue Appeals Tribunal Act, lachiwirili lokhazikitsa bwalo lapadera lomva milandu ya msonkho. Pamwamba pake pali nthambi ya High Court yoona za misonkho, ya Revenue Division, ndipo pomaliza Supreme Court of Appeal.

Mukamatsatira zigamulo za milandu yotereyi muona mfundo zingapo zikubwerezedwa. Yaikulu ndi yakuti udindo wopereka umboni uli kwa wolipira msonkho. Pa mlandu wakuba boma ndi lomwe limatsimikiza kuti munthu walakwa. Pa msonkho ndi inuyo muyenera kusonyeza kuti assessment ndi yolakwika, ndiponso kuti ndalama yomwe mukufuna ichotsedwe inagwiradi ntchito pa geni. Ngati mulibe mabuku, lamulo limalola MRA kuyerekeza yokha phindu lanu pogwiritsa ntchito zomwe ili nazo, monga ma Form 12 anu ndi masitetimenti a ku banki, ndipo woweruza sangagwetse chiwerengerocho pongomva kuti ndinu munthu wachilungamo. Mboni za pamsika zonena kuti geni siinkayenda chaka chimenecho sizilemera ngati kope lolembedwa tsiku ndi tsiku.

Ina ndi ya kulumpha masitepe. Anthu akamva kuti akaunti yawo yagwidwa amathamangira ku High Court kukapempha chiletso. Makhoti kawirikawiri amabweza munthu yemwe sanayambe wadutsa njira yokana ndi ya apilo yomwe lamulo la msonkho linaika. Pempho loti khoti liunike mmene ofesi ya boma yachitira zinthu nalonso lili ndi malire ake a miyezi itatu, ndipo limayang'ana ngati njira inatsatidwa, osati ngati chiwerengero cha msonkho n'cholondola. Dziwaninso kuti kukana kapena kuchita apilo pakokha sikuchotsa udindo wolipira. MRA ili ndi mphamvu yolamula banki yanu, kapena munthu yemwe ali nanu ngongole, kuti apereke ndalamazo kwa iyo. N'chifukwa chake kalata yokana iziyendera limodzi ndi pempho lolembedwa loti ayambe aimitsa kutolera kapena akuloleni kulipira pang'onopang'ono.

Musaganize kuti MRA siigonja. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu mwalamulo ndi mwachilungamo, komanso imupatse zifukwa zolembedwa pa chiganizo chomukhudza. Ofesala akakweza mtengo wa katundu wanu pa boda, kapena akakana ndalama yomwe mwachotsa pa ritani, muli ndi ufulu wofunsa kuti wachokera pati, ndipo mufunse polemba. Lamulo la kasitomu limayambira pa mtengo womwe mwalipiradi. Amapita ku mtengo wa katundu wofanana naye pokhapokha akakhala ndi chifukwa chokayikira invoyisi yanu. Wamalonda amene ali ndi invoyisi, umboni wa mmene analipirira ndi lisiti ya thiransipoti, zonse zikugwirizana, amakhala poyera. Ndimakhulupirira kuti milandu yambiri ya anthu ngati ife siyenera kufika n'komwe kukhoti, chifukwa ndalama ya loya imatha kuposa msonkho womwe mukukanganirana, ndipo zambiri zimatha pa sitepe yokana ija ngati fayilo ili yodzaza.

Fayiloyo ikhale chonchi. Ulendo uliwonse ukhale ndi envulopu yake yolembedwa deti ndi boda: invoyisi yokhala ndi dzina lanu, dzina ndi keyala ya shopu, kuchuluka ndi mtengo wa chinthu chilichonse, lisiti yosinthira ndalama, tikiti ya basi ndi lisiti ya katundu, Form 12 kapena Form 47, lisiti ya MRA, ya ejenti. Malisiti a pa makina amafufutika pakapita miyezi, makamaka akakhala m'chikwama chotentha, choncho ajambuleni pa foni tsiku lomwelo ndi kupangitsa fotokope. Kope la zogulitsa lilembedwe madzulo aliwonse, pamodzi ndi ngongole ndi katundu woonongeka kapena wobedwa. Ndalama za geni zikhale ndi akaunti kapena nambala yakeyake, chifukwa ndalama ya banki m'khonde, ya chipepeso kapena yomwe mwana watumiza kuchokera ku Joni ikalowa mu akaunti ya geni, ofufuza amaiwerenga ngati zogulitsa mpaka mutasonyeza komwe inachokera. Zonsezi muzisunga kwa zaka zonse zomwe lamulo limafuna, ndipo mukasamuka kapena kusintha nambala ya foni mukasinthitsenso ku MRA, kuopa kuti kalata ya masiku 30 ija ingapite komwe simukhalanso.