Kusintha zinthu zingapo mu fayilo yaikulu ndi sed ulendo umodzi basi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Kamwendo ku Mchinji. Amasunga marekodi a gulu la alimi a soya ndi mtedza, fayilo yawo ya CSV yakula mpaka Excel yakana kuitsegula yonse poti imathera pa mizere 1,048,576. Ndiye anaphunzira sed, kapulogalamu kosinthira mawu mu fayilo pongolemba malamulo, koma akuti akumaiyendetsa kasanu, koyamba MC akhale Mchinji, kachiwiri KU akhale Kasungu, kenako manambala a foni, choncho choncho, laputopu ikumachedwa ndipo magetsi akathima pakati sakudziwanso kuti analekezera pati. Funso lawo, kodi sizingatheke zonsezi kamodzi? Anatchulanso za -i, yomwe imauza sed kuti ikonze fayilo yomweyo osati kutulutsa ina.

Zimatheka achemwali, ndipo sed anaipangira zomwezo. Ndi yakale, Lee McMahon anailemba ku Bell Labs m'ma 1970 makompyuta ali ndi memory yochepetsetsa, ndiye siinyamula fayilo yonse, imatenga mzere umodzi, kuukonza, kuulavula, kutenga wina. Inuyo mukaiyendetsa kasanu ndiye kuti disiki yawerenga fayilo yonse kasanu nkulembanso kasanu. Posankha mtedza simukhuthula thumba kasanu eti, kuti lero miyala mawa owola, mumaona zonse mtedzawo uli m'manja. Lembani chonchi:

sed -e 's/\r$//' -e 's/,MC,/,Mchinji,/g' -e 's/,KU,/,Kasungu,/g' -e 's|T\.A\.|T/A|g' -e 's/,0\([89][89]\)/,+265\1/g' alimi.csv > alimi2.csv

-e iliyonse ndi lamulo limodzi. Pa T/A paja ndagwiritsa | m'malo mwa / chifukwa mawuwo ali kale ndi /, sed imalola zimenezo. Makoma ozungulira KU musawachotse chonde, kupanda iwo dzina ngati KUMWENDA lisanduka KasunguMWENDA. Malamulo akachuluka aikeni mu fayilo yawoyawo, lililonse pa mzere wake, nkuitana ndi sed -f malamulo.sed alimi.csv, mwezi wamawa mudzangoitenganso.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Ulendo umodzi sizikutanthauza kuti malamulowo akugwira nthawi imodzi, ayi. Mzere uliwonse umadutsa lamulo loyamba, zomwe zatuluka pamenepo ndi zomwe lachiwiri limaona. Nchifukwa chake ndayamba ndi \r, kachizindikiro kosaoneka komwe Windows imaika kumapeto kwa mzere, chifukwa tikapanda kukachotsa kaye lamulo lofuna mawu akumapeto ngati ,MC$ silipeza kanthu ndipo sed siidandaula, imangodutsa phee.

Choopsa chenicheni ndi kusinthanitsa. Zinandichitikira kuno ku Kasungu pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza, makodi a mbewu ziwiri anali atasemphana, S1 amayenera kukhala S2 ndipo S2 akhale S1. Ndinalemba s/,S1,/,S2,/ kenako s/,S2,/,S1,/ nkuona ngati zatha, kumeneko lamulo lachiwiri linabweza zonse zomwe loyamba linasintha, fayilo yonse inangokhala S1, ndipo izi zinali ndalama za anthu amene analima chaka chonse. Chinatipulumutsa nchakuti fayilo yoyamba inalipo. Njira yake ndi kudutsira pa chizindikiro chomwe mulibe mu fayilomo, S1 akhale @@, S2 akhale S1, kenako @@ akhale S2. Yambani mwafufuza ndi grep -c '@@' alimi.csv kuti muone 0. Makodi osinthanitsa akakhala ambirimbiri pamenepo bola perl, chilankhulo cholembera mapulogalamu, imatha kuyang'ana liwu lililonse kamodzi kokha pa mndandanda.

Za -i munatchula zija, ine sindiikonda pa fayilo ngati yanuyi. Imaoneka ngati ikukonza pomwepo koma imalemba fayilo ina yongoyembekezera nkudzaisintha dzina pomaliza, ndiye malo pa disiki imafunabe, ndipo ikamaliza yakale ija yapita. Ngati mwaifunitsitsa lembani -i.bak kuti itsale. Ndipo musadzalembe > alimi.csv dzina lomwelo, shell, pulogalamu yomwe mumalembamo malamulowa, imakhuthula fayiloyo sed isanawerenge ndi mzere womwe.

Ena akuuzani kuti muike LC_ALL=C kutsogolo, yomwe imauza sed iziwerenga byte imodziimodzi osati chilembo, kuti ithamange, nzoona nthawi zambiri imathamangadi, koma ife tili ndi ŵ wathu wa mu Malaŵi yemwe mu UTF-8 ndi ma byte 2, ndiye zinthu ngati [wŵ] kapena kadontho koimira chilembo chimodzi zimasokonekera. Lamulo langa pamwambapo lilibe zimenezo, mutha kuiika.

Musanaponye fayilo yonse yesani kaye ndi head -n 1000 alimi.csv, yomwe imatenga mizere 1000 yoyamba, nkupatsira sed, muziwerenge ndi maso anu. Yaikuluyo ikatha pangani wc -l, yowerengetsa mizere, pa mafayilo onse awiri, manambala afanane, akasiyana mundilemberenso pamodzi ndi malamulo anu onse momwe munawasanjira.