Mukufuna geni ya matayilosi a maluwa? Imvani kaye za katundu wanga wa 2023

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya matayilosi a maluwa achikale aja imayenda bwanji, komanso ngati mungayambe ndi kampamba kochepa. Ndikuyankhani, koma nambala ya kumene ndimaoda ku Johannesburg musaiyembekezere. Imeneyo ndinaikhetsera thukuta.

Matayilosi oyera wamba aliyense angagulitse. Limodzi likasweka, mumangolowa m'sitolo ku Limbe kapena ku Malangalanga n'kupeza lina. A maluwawa ayi. Aja a masentimita 20 mbali zonse amalowa 25 pa sikweya mita, ndipo ambiri duwa lake limatuluka mukalumikiza anayi. Pambali pa katoni pamakhala nambala ya batch (gulu lowotchedwa ulendo umodzi) ndi ya shade (kaonekedwe ka mtundu wake). Fakitale imodzimodziyo, duwa lomwelo, koma akawotchedwa ulendo wina, buluu wake amasiyana. M'sitolo simungazindikire. Mudzazindikira atayalidwa kale pakhonde, dzuwa likuwomba, mwini nyumba ataima manja ali m'chiuno.

Makasitomala amabwera ndi zithunzi za pa Facebook. Wina akufuna azulejo, a buluu ndi oyera aja achipwitikizi, wina akufuna a ku Morocco, wina akuda ndi oyera a nyumba zakale za Angerezi. Enieni a simenti, opangidwa pamanja, musawakhudze: ndi okhuthala, olemera, amamwa madzi, ndipo mmisiri akapanda kuwapaka mankhwala otchinga, mafuta a nsomba amakhala pomwepo mpaka kalekale. Ine ndimabweretsa owotcha, odindidwa maluwa pamwamba. Ndipo makasitomala ndimawauza poyera kuti aike pakhonde, kuseri kwa sinki kapena m'bafa, osati nyumba yonse. Ndakanapo ndalama za anthu pa nkhani imeneyi, n'chifukwa chake nyumba zimene ndinaikamo katundu anthu amazilozabe.

Mu November 2023 ndinali ndi oda ya mayi wina womanga malo ogona alendo kunyanja. Khonde lonse ndi zimbudzi, duwa limodzi, batch imodzi. Anandipatsa theka la ndalama mu kwacha, mtengo titapangana kale. Ndinapakiza ndekha, katoni iliyonse yoimika osati yogoneka, pa mapaleti, malamba omanga bwinobwino. Njira mukuidziwa: Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, Zobue, kenako kwathu.

Pa chipata china, sinditchula, mkulu wina anayang'ana risiti langa n'kunena kuti matayilosi okongola chonchi sangagulidwe mtengo umenewo. Anati ndabisa mtengo. Risiti lenileni, chidindo chilipo, umboni wa kubanki ndinamuonetsa pafoni. Iye ankangoseweretsa cholembera, kudikira kuti ndinene mawu aja amawakonda. Sindinawanene. Ndiye analamula kuti katundu yense atsike awerenge. Anyamata apachipata anadula malamba anga, n'kumaponyerana makatoni ngati njerwa. Ndinkamva kulira kwa m'kati mwa katoni, kuti khwee, ine nditaima pompo, dzanja pakamwa. Munthu amene sanagulitsepo ngakhale tomato, kuphwanya mpamba wa mnzake akumwa chakumwa chozizira!

Thiraki ili chiimire, boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Msonkho wanga unawerengedwa pa mtengo watsopano, mwini thiraki akufuna ndalama za masiku oima, mayi uja akuimba foni kuti tinapangana kale, saonjezera ngakhale tambala. Nditafika n'kutsegula, makatoni ambiri anali othyoka ngodya. Ndinaimba ku Johannesburg, anati batch ija inatha. Ena amene anatumiza, buluu wake anali wotuwirako.

Wina akanasakaniza n'kuthawa. Ine ndinagulitsa kagalimoto kanga. Ndinakhala pansi ndi mmisiri, tinaika athunthu pakati pa khonde, m'mphepete tinazunguliza oyera, othyoka ngodya tinawadula n'kuwaika m'munsi mwa khoma. Otuwa aja anapita kuzimbudzi kumene sakumana ndi anzawo. Mayi uja lero amanditumizira makasitomala. Mkulu wapachipata uja ndimamuonabe, ndipo moni wanga saulandira chifukwa sindimupatsa.

Ngati mukuumirirabe, onjezerani 15 peresenti pa muyeso wa mmisiri, batch yomweyo, tsiku lomwelo. Musapangane mtengo mu kwacha katundu asanawoloke. Ndipo musanamizidwe ndi satifiketi ya SADC, ija yochepetsera msonkho pachipata: imathandiza pa katundu wopangidwa ku South Africa komweko. Wa ku Spain, India kapena China, ngakhale mwamugula pakati pa Johannesburg, msonkho wake ndi wathunthu. Tembenuzani tayilosi, werengani katoni kuti muone kumene anapangidwa, musamve za wogulitsa.

Za kampamba kochepazo, yambani mwakwera nawo thiraki ya munthu wina, mukaone nokha mmene amatsitsira katundu. Mukabwerako mtima ukadali m'malo, mudzandifunsenso.