Wailesi ikuti mitengo yakhazikika, koma sopo ndi dilaya zikukwerabe

Mayi wina amene ali ndi saluni ku Ndirande wandilembera imelo kufunsa chifukwa chake wailesi imalengeza kuti kukwera kwa mitengo kwachepa pomwe iye akapita kukaoda shampu, sopo ndi mafuta a tsitsi ku Limbe amapeza zonse zitakwera, ndipo akufuna kudziwa momwe angatsatire mitengoyi payekha. Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa nkhani yomweyi idatsala pang'ono kutseketsa malo ometera a achimwene anga ku Bangwe.

Mu November 2023 Banki Yaikulu ya Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chiichepetsere ndi 25 peresenti mu May 2022. Pa nthawi imeneyo makina ometera a achimwene adapsa, ndipo tidayenda limodzi sitolo ndi sitolo kufunafuna ena. M'sitolo zina mapepala a mitengo adali atachotsedwa pamashelefu, ndipo wogulitsa wina adatiuza poyera kuti mtengo umene akutiuzawo ndi wa tsiku lomwelo basi, popeza iyenso sankadziwa kuti katundu wotsatira akamuoda pa ndalama zingati. Achimwene adakongola ndalama n'kugula, koma atakweza mtengo wometera makasitomala adayamba kudandaula, ena adasamukira kwa ometa a pansi pa mtengo, ndipo kwa miyezi ingapo banja lonse lidadya movutikira pofuna kubweza ngongoleyo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu wogwira ntchito molimbika chonchi ankaoneka ngati wadyera, chonsecho ankangoyesa kupeza ndalama ya malezala, spiriti ndi mafuta a makina.

Sindikunena kuti chiwerengero cha boma cha kukwera kwa mitengo ndi chabodza. Mwezi ndi mwezi nthambi ya National Statistical Office ku Zomba imasonkhanitsa mitengo ya katundu wosiyanasiyana n'kuiyerekeza ndi ya mwezi womwewo chaka chapitacho. Komatu pakuwerengerako chakudya chimatenga pafupifupi theka, ndipo chimanga ndicho chimakoka kwambiri, moti chikatsika mtengo nthawi yokolola chiwerengero chonse chimatsika nacho. Sopo wosambira, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola, mapadi ndi zipangizo zamagetsi zokonzera tsitsi zili m'kagulu kakang'ono kamene mphamvu yake pa chiwerengerocho ndi yochepa. Ndiponso chiwerengerochi chikatsika sizitanthauza kuti mitengo yatsika, koma kuti ikukwera pang'onopang'ono poyerekeza ndi kale.

Katundu wanu, mayi, samvera nyengo yokolola, amamvera dola. Madilaya oumitsira tsitsi ndi makina ometera amachokera kunja, ndipo ngakhale sopo wopangidwa mu Blantyre momwemuno amadalira mafuta ndi mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, zimene zakhala zikusowa m'mabanki kotero kuti amalonda ambiri amazipeza pa mtengo wokwera. N'chifukwa chake ndimakana ndithu maganizo akuti zinthuzi ndi zongosangalatsa moyo. Mwana wasukulu wopanda sopo amachita manyazi pakati pa anzake, mtsikana wopanda mapadi amajomba m'kalasi, ndipo amene amalengeza chiwerengerochi pawailesi ayenera kumatchulanso padera mmene zinthu zaukhondo zakwerera. A bungwe la Centre for Social Concern amachita bwino pophatikiza sopo pakawerengedwe kawo ka ndalama zimene banja la m'tauni limafunika pamwezi.

Chimene mungachite

Gulani kope, musankhe katundu amene mumaoda kawirikawiri, ndipo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse mulembe mtengo wake kuchokera m'sitolo imodzimodziyo, wa mtundu womwewo. Musaiwale kulemba magalamu kapena mamililita, chifukwa nthawi zina mtengo sumasintha koma sopoyo wachepa. Mukagawa mtengo ndi kulemera kwake mudzaona zoona zake. Chaka chikatha, chotsani mtengo wakale pa watsopano, mugawe ndi wakalewo, muchulukitse ndi 100 kuti mupeze maperesenti amene mtengowo wakwera. Dilaya ndi makina muzifunsa mtengo wake miyezi itatu iliyonse ngakhale musakugula, kuti muzisungiratu ndalama pang'onopang'ono zisanawonongeke, ndipo kasitomala akadandaula mumuonetse kopelo.